Phazi la Telala ndi Batani Lobiriwira

Bala linali pansi pa phazi lamanja, phazi lomwe Atelala akhala akupalasira makina osokera kuyambira ali mnyamata. Linayamba ngati kachithuza. Eni ake sanalimve n'komwe. Analiona ndi akazi awo, pa sokosi imene ankachapa. Pofika kuchipatala linali litalowa mkati, ndipo dokotala sanazungulire.

"Bambo, shuga wanu wakhala wokwera nthawi yaitali. Bala ili tilitsuka ndipo likhoza kupola. Koma mukakalisamala molakwika kunyumba, mudzabweranso kuno, ndipo phazili mudzalisiya."

"Kulisiyira yani?"

"Tidzalidula. Koma musaope. Zonse zoyenera kudziwa akuphunzitsani kanema uyu."

Dokotala anachoka monga amachokera anthu otanganidwa: mawu akali mkamwa, msana uli kale pakhomo.

Kanemayo anali wamng'ono ngati thireyi, wolendewera pa mkono wachitsulo pambali pa bedi. Bedi lililonse linali ndi wake. Atelala anamuyang'ana, iyenso anawayang'ana. Pa moyo wawo anaona zinthu zambiri zobwera ndi anthu ovala bwino, zonenedwa kuti n'zothandiza osauka, ndipo ambiri amene zinawathandiza anali omwe anazibweretsawo. Anatenga thaulo n'kumufunditsa.

"Akulu, chikumva chisanu?" anafunsa wa pabedi loyandikana, munthu amene anakalambira pa chiwongolero cha basi. Onse m'wodimo ankamutchula Adalaivala.

"Chikundiyang'ana."

"Chikuyang'aneni inu? Nkhope imeneyo ngakhale galasi limatembenukira kukhoma. Chotsani thaulolo ndikuonetseni zabwino."

Zabwinozo zinali sitima. Kanema ankaonetsa zenera la sitima yoyenda pang'onopang'ono, popanda munthu wolankhula. Kunja kwa zenera kunkadutsa minda, mtsinje waulesi, mitengo ya magetsi, kenako nkhungu. Atelala akamwa mankhwala a m'mawa, thupi linkapepuka, bedi n'kuyamba kuyenda limodzi ndi sitimayo. Minda inkasanduka nsalu zoyalidwa patebulo, yobiriwira apa, yakhaki apo, njanji n'kukhala msoko wowongoka umene palibe dzanja la munthu lingausoke. Nthawi zina ankaona bambo awo, amene anamwalira kale, ataima pa kasiteshoni kopanda dzina, tepi yoyezera ili m'khosi, akukweza dzanja. Pansi pa bulangete phazi lamanja linkapalasa lokha, mmwamba ndi pansi, ndipo ululu sunkakwera nawo sitimayo.

Koma sitima ikafika pokoma, inkazimiririka. Pamalo pake pankabwera phunziro. Mawu a mayi wina wosaoneka ankathamanga ngati wotsalira basi, zithunzi zikusinthana, zilembo zing'onozing'ono ngati nyerere zili pansi pake. Magalasi a Atelala anathyoka tsiku lomwe anabwera nawo kuchipatala. Mwana wawo wamwamuna analonjeza kuti atumiza ena. Malonjezo a ana a masiku ano amafika, koma amapeza mwiniwake atazolowera mdima.

Pamapeto mawu aja ankati: "Ngati mwamvetsa, dinani batani lobiriwira. Ngati simunamvetse, dinani lofiira."

Tsiku loyamba anadina lofiira. Kanema analira ngati belu la njinga, kanyale kanayaka pamwamba pa bedi, wodi yonse inatembenuka, ndipo mayi uja anayambiranso pachiyambi, pa liwiro lomwe lija. Atelala anakumbuka mphunzitsi amene ankawaimiritsa pabenchi akalephera kuwerenga, anzawo akuseka. Sukulu anaisiyira panjira chifukwa cha benchi limenelo. Munthu wa imvi sangakwerenso pabenchi chifukwa cha thireyi yolankhula. Anadina lobiriwira. Sitima inabwerera pomwepo, itayima pa mlatho ngati inkawadikira.

Kuyambira pamenepo, phunziro likangotulukira, chala chinkadziwa kopita. Za m'maphunziromo zinkangowadutsa ngati midzi yoonera pazenera. Chithunzi chimodzi chokha n'chimene chinawakhala m'maso: phazi lili m'beseni, nthunzi ikukwera.

Akazi awo ankabwera masana, nthawi yoona odwala, maphunziro atatha kale. Anali mayi wochepa thupi koma wosachepa pakamwa.

"Bambo, akuti tizikatani nalo phazilo?"

"Zonse andiuza."

"Ine sindinafunse ngati akuuzani. Wokatsuka ndine. Akuti chiyani?"

Atelala anatseka maso, chithunzi chija chinabwera. "Madzi otentha. Kulithowa m'beseni, nthunzi izituluka. Monga ankachitira mayi anga."

"Basi?"

"Ukufuna ndikulembere buku?"

Tsiku lotuluka linafika. Nesi wa wodiyo, mayi wamtali woyenda ngati nthawi zonse wina akumuitana, anayang'ana pa kanema n'kumwetulira.

"Agogo, mwakhoza bwanji! Maphunziro onse mwamaliza, onse mwamvetsa. Bwenzi onse akanakhala ngati inu."

"Atiposa ife a mabasi," anatero Adalaivala. "Chala chawo chili ndi digiri."

M'wodimo munalinso mtsikana wina amene anali atakhala masiku angapo pakampando ka pakona, akungoyang'ana momwe odwala amagwirira makanema awo. Ankati ndi wa gulu limene linapanga zoonetsedwa m'makanemawo, ndipo chipatala chinamuitana kuti adzazikonzenso. Atelala anali atamuweruza kale: kazitape.

Akazi awo analowa atanyamula zovala zosinthira m'beseni latsopano labuluu, likadali ndi kapepala ka kusitolo.

"Beseni lokongola, amayi," anatero nesi akuchotsa dripi.

"N'la phazili. Lakale lija limadontha. Ndikufuna madzi akakhale otentha bwino, monga ananenera kanema wanuyu."

Manja a nesi anaima. "Madzi otani?"

"Otentha. Othowera."

Nesi anayang'ana Atelala. Atelala anayang'ana kudenga. Ankayembekezera kukalipiridwa, ndipo yankho anali atalinola kale. Koma nesi anakoka mpando n'kukhala pansi, chinthu chimene palibe anamuonapo akuchita. Anatulutsa m'thumba kachingwe kolimba, konga ulusi wosokera nsapato.

"Agogo, tsekani maso. Ndikakukhudzani phazi ndi kachingwe aka, munene kuti mwandikhudza."

Anatseka. Mumdimamo munali bata. Anamva wina akukankha kangolo ka mankhwala kutali, mpopi ukudontha, mpweya wa akazi awo. Anadikira. Anaganiza kuti nesi waitanidwa kwina.

"Yambanitu," anatero.

Atatsegula maso anaona kachingwe kali pansi pa chala chachikulu, kakupindika chifukwa chokanikizidwa. Akazi awo anali atagwira pakamwa.

"Ndakukhudzani paliponse, agogo, kuyambira chidendene mpaka zala. Shuga wagonetsa mitsempha ya phazili. Mukaliika m'madzi otentha, lipsa inu mukucheza. Mudzadziwa khungu litasupuka. Chithunzi munaonacho chinali choletsa. Pali kamzere kofiira kodutsa pa beseni."

"Kamzere kake kati?"

"Lero simutuluka," anatero nesi mofatsa. "Si chilango. Ndikufuna phazili lipite kunyumba n'kukakhala komweko."

Nesi atachoka, akazi awo anaika beseni pansi pa bedi. Sanakalipe, ndipo zimenezi zinawawa kuposa kukalipa.

"Bambo, mukanandipsetsa phazi lanu ndi manja angawa," anatero. "Ine n'kumati ndikukuchizani."

Atelala anatembenukira kukhoma. Sitima sanaifunenso. Atatseka maso anaona shopu yawo: makina ataphimbidwa ndi nsalu, choko chitauma pa tebulo, kangaude atamanga pakati pa singano ndi gudumu. Anaona nsapato imodzi ili pakhomo, yopanda mnzake.

"Bambo, ndingakhale nanu pang'ono?"

Anali mtsikana wa pakona uja.

"Ukandinenere kwa amene anakutuma. Ukati nkhalamba ya pabedi ili ndi mbuli. Ulembe bwino, usalakwitse."

"Chithunzi cha beseni chija ndinajambula ndine," anatero mtsikanayo. "Ndabwera kudzafunsa chimene munaona."

Atelala anatembenuka. Anthu a m'maofesi amene anakumana nawo pa moyo wawo onse anali ndi matenda amodzi: cholakwa chilichonse chinali cha wina amene sanabwere lero. Uyu anali atanena kuti ndine.

"Ndinaona phazi m'madzi. Ukamuonetsa munthu phazi m'madzi, ukufuna achite chiyani?"

"Nanga batani lobiriwira munkadiniranji?"

"Linkandibwezera sitima."

"Lofiira?"

Anayankha ndi Adalaivala. "Lofiira limaimba belu, mwana wanga. Limauza wodi yonse kuti pano pagona munthu wouma mutu. Ine ndemwe ndimadina lobiriwira. Ndikamafika kwathu sindidziwa kaya mwendowu ndizikauyendera kaya ndizikaupachika pamsomali."

Mtsikanayo sanaseke. Anayang'ana mabedi onse, mmodzimmodzi, ngati akuwaona koyamba. Kenako anafunsa: "Bambo, ndamva kuti ndinu telala. Mukasokera munthu jekete, mumangompatsa n'kumufunsa ngati yakwana?"

"Ungatero ndiwe telala wa pamsika," anatero Atelala, mawu akuyamba kubwerera. "Jekete umayamba waigwiriza ndi ulusi woyera. Mwiniwake abwere, avale. Ndiye sumufunsa ayi. Umamuuza akweze manja, akhale pansi, awerame ngati akutola kanthu. Pamene yakoka, umaika choko."

"Bwanji osangomufunsa?"

"Amanama! Munthu jekete ikum'kanyanga m'khwapa, maso atatuluka, koma akuti, 'Yakwana bwino, atelala, zikomo.' Manyazi. Akafika kwawo aiponya m'sutikesi, n'kumauza anthu kuti telala uja sadziwa kusoka. Anthu amenewo ndimadana nawo kuposa mbava. Mbava imakubera nsalu. Awa amakubera dzina, iwonso n'kukhala opanda jekete."

Anasiya kulankhula. Akazi awo ankawayang'ana ndi diso limene Atelala ankalidziwa bwino.

"Pitirizani, akulu," anatero Adalaivala. "Anthu amenewo amakhala kuti? Tiwapeze tiwamenye."

"Inu khalani chete, mwendo uli m'mwamba ngati mbendera."

Koma ukali unali utatha. Atelala anayang'ana chala chawo, chija chodina, ngati ndi cha munthu wina.

"Kanema uyu akadali pa ulusi woyera," anatero mtsikanayo. "Ife kuofesi timaona kuti odwala onse akudina lobiriwira, ndiye timati zonse zili bwino. Sitingaike choko pamene sitikuona. Ndiuzeni pamene yakoka."

Atelala anakhala tsonga. Anali ndi zaka zambiri akudandaula kwa makoma, kwa wailesi, kwa makasitomala ogontha. Kudandaula kwa munthu amene akumvetsera kunali kwachilendo, ndipo poyamba mawu ankatuluka mokakamira.

"Phunziro limabwera munthu atangomwa mankhwala, mutu uli m'mitambo. Mayi wolankhulayo akuthamangira kuti? Zilembo zanu n'za anthu a maso a mphamba. Ndipo mumadula sitima. Munthu ukamulanda chokoma pakamwa, amachita chilichonse kuti umubwezere."

"China?"

"China ndi ichi," analowerera akazi awo. "Mukuphunzitsa wolakwika. Awa pansi pa phazi lawo sapaona, msana unauma. Wotsuka ndine, womanga bandeji ndine, wophika ndine. Koma ine ndikamafika, sukulu yaweruka."

Mtsikanayo anafunsanso Adalaivala, anafunsa wa bedi la pazenera, anafunsa nesi. Nesi anati iyenso ankakhulupirira kanema chifukwa odwala ndi ambiri, manja ndi awiri. Anati kuyambira tsikulo sadzatulutsa munthu asanaone ndi maso ake.

Si zonse zimene zinakonzeka msanga. Zina anati zidikira misonkhano, ndipo aliyense amadziwa kuti msonkhano umabala msonkhano unzake. Koma zina mtsikanayo anazisintha sabata lomwelo, n'kubwera kudzaziyesa pa bedi la Atelala.

Masana, akazi awo atakhala pampando, sitima inafika pa siteshoni n'kuima yokha. Mawu anafunsa, pang'onopang'ono: "Kodi amene amakusamalirani afika? Tiyambe, kapena tidikire?" Zilembo zinali zazikulu zoti munthu n'kuziwerenga ali pakhomo. Beseni la nthunzi kunalibe. Kunali mayi akuviika chigongono chake m'madzi kuti amve ngati ali ofunda chabe, kenako akupukuta phazi ndi kansalu, osalinyika, akuumitsa pakati pa zala. Kunali dzanja likupapasa m'kati mwa nsapato lisanaivale. Kunali munthu akuyang'ana pansi pa phazi ndi kagalasi. Chithunzi chilichonse chinkadikira mpaka munthu atachiuza kuti chipite.

Pamapeto panalibe funso loti mwamvetsa. Panali mabatani awiri ofanana mtundu. Lina linati "Bwerezani". Lina linati "Ndakonzeka kuonetsa nesi". Palibe linaimba belu.

"Bwerezani," anatero akazi awo.

"Wamva kale iwe."

"Ndamva ine. Inu munali musitima."

Anabwereza. Pa za bandeji, Atelala anadina okha batani la "Bwerezani", mwakachetechete, akuyang'ana ngati Adalaivala aona. Adalaivala anali otanganidwa, akudina lawo.

Nesi anabwera ndi madzi, thonje ndi bandeji. Sanafunse kanthu. Anangoti, "Ndionetseni." Akazi awo anaviika chigongono, anapukuta mozungulira bala, anaumitsa. Pomanga bandeji anakoka kwambiri.

"Mwathinitsa, amayi. Magazi ayende. Chala chanu chizitha kulowa apa."

Anamasula n'kuyambiranso. Atelala ankayang'ana mutu wa akazi awo utaweramira phazi lawo, imvi zikutuluka m'mphepete mwa mpango. Phazilo silinkamva manjawo, koma maso ankaona momwe ankaligwirira, ngati mbalame yogwa m'chisa.

"Tsopano inu, agogo. Mukaona chiyani kuti muthamangire kuno?"

Anatchula kufiira, kutupa, fungo. Chachinayi chinawathawa. Anamva benchi lija likuyandikira. Pakamwa panali patakonzeka kale kunena kuti zonse akuzidziwa.

"Chinacho sindinachigwire," anatero. "Nenaninso."

Denga silinagwe. Nesi anangoti, "Khungu likayamba kuda, kapena thupi likatentha. Musadikire kuti kuche."

Anatuluka mawa lake. Kunyumba masiku ankayenda mwaulesi. M'mawa uliwonse akazi awo ankaika phazi pa pilo, pafupi ndi zenera, n'kuliyang'ana mbali zonse. Atelala ankang'ung'udza za tiyi wopanda shuga, za nsapato zofewa zimene ankati n'za munthu wopanda ntchito, za mwana uja amene magalasi ake anali akadali m'njira. Masana ankawodzera pampando, dzuwa likuyenda pakhoma, n'kumalota nsalu zikuuluka pa chingwe. Tsiku lina anaona kuti m'mphepete mwa bala mwafiira. Kale akanati ndi zazing'ono. Tsikulo anavala, napita kuchipatala. Nesi anasintha mankhwala, n'kunena kuti afika pa nthawi yake.

Patapita miyezi, dokotala uja anamasula bandeji komaliza. Pamalo pa bala panali khungu latsopano, losalala, lotuwirako. Analikanikiza, analitembenuza, anayang'ana pakati pa zala.

"Latseka. Phazi ndi lanu, bambo. Ku makina mubwerere pang'onopang'ono, mutavala nsapato. Mapiritsi awa muzimwa limodzi m'mawa mutadya, awa awiri madzulo, ndipo aja akale musiye."

Anali atatembenuka kale.

"Adokotala," anatero Atelala. "Mwathamanga. Bwererani, munenenso. Mayi awa amve, inenso ndimve. Kenako ine ndinena, inu mumvetsere ngati ndakhoza."

Dokotala anayang'ana mzere wa anthu panja, anayang'ana nkhalambayo, n'kukhala pansi.

Phunziro lake ndi ili, ndipo n'la aliyense amene adzagone m'chipatala kapena kudikirira wodwala. Musavomere kuti mwamvetsa pamene simunamvetse, kaya wofunsayo ndi dokotala, nesi kapena kanema. Nenani kuti abwereze. Amene akakusamalireni kunyumba akhalepo pophunzira, ndipo musatuluke musanaonetse ndi manja anu zimene mukachite. Chinthu cha m'chipatala chikakhala chovuta kugwiritsa ntchito, musadzitenge ngati mbuli. Nenani pamene chikuvuta, chifukwa okonza sangakonze chimene sanauzidwe. Nawonso opanga zinthuzi achoke m'maofesi, akakhale pambali pa bedi, aone ndi maso.

Manyazi a mphindi imodzi amapola msanga. Phazi likadulidwa silimeranso.